Laputopu ikakana kuyaka, musathamangire kuifomata

Nyengo ya mayeso ikayandikira, komanso kumapeto kwa mwezi pamene maofesi akulemba malipoti, ndi pamene anthu amabwera kwa ine atakumbatira laputopu, nkhope zili zakugwa. Pempho lawo limakhala limodzi: "Yangofa usiku, chonde ingoifomatani." Ndikawafunsa ngati zomwe zili m'katimo anazisunganso kwina, ambiri amayang'ana pansi. Kufomata, kutanthauza kufufuta zonse za pa disiki n'kuikamo Windows mwatsopano, ndi mankhwala omaliza, ndipo kawirikawiri si mankhwala a matenda amene makinawo akudwala. Munthu amataya zithunzi za ukwati, kafukufuku wa zaka ziwiri, ngakhale kaundula wa banki m'khonde, pamene vuto linali waya wa chaja woduka m'kati. Mlimi wanzeru sazula munda wonse chifukwa masamba achita chikasu. Amayamba wafukula phando limodzi kuti aone mizu.

Choncho dinani batani loyatsira, kenaka yang'anani ndi kumvetsera. Pamene makinawo aimira ndi pamene pakuuzeni kumene kuli vuto.

Ngati palibe kanyali kayaka, fani siikulira, chili zii, Windows ilibe mlandu chifukwa makinawo sanafike n'komwe poiwerenga. Yambani ndi soketi: lumikizanipo chaja ya foni muone ngati pali moto. Kenaka bwerekani chaja ina ya mtundu womwewo. Werengani zolembedwa pa chaja ndi kunsi kwa laputopu, ziyenera kugwirizana. Ma HP ndi ma Dell ambiri amafuna 19.5V, ma Lenovo ambiri 20V. Pakati pa kamwa ya chaja ya HP ndi Dell pali kasingano kakang'ono kamene kamauza laputopu mphamvu ya chajayo, ndipo kakapindika kapena kuthyoka batire imatha kukana kutchaja ngakhale chaja ili ndi moto. Zikakanika, chotsani chaja, chotsaninso batire ngati ndi yochotseka, dinani batani loyatsira osalisiya kwa masekondi 30, ndiye mulumikize chaja yokha n'kuyatsa. Njira imeneyi imataya moto wotsalira m'bodi, thabwa lalikulu la m'kati pamene ziwalo zonse zimalumikizidwa, ndipo yadzutsa malaputopu ambiri amene eni ake anali atawalira kale. Mukaona kiyibodi kapena pogwirira chala patukuka ngati buledi, batire yatupa. Musaiboole, musaitchajenso, kaichotsetseni.

Pano ndinenepo za magetsi athu. Chimene chimaononga si kuthima kwenikweniko ayi, koma mphamvu imene amabwera nayo pobwerera. Akathima, zulani chaja pakhoma, ndipo akayaka dikirani pang'ono musanalumikizenso.

Nthawi zina kanyali kamayaka, fani n'kumalira, koma sikirini ili bii. Walitsani tochi ya foni pafupi ndi sikirini, moipendeketsa. Mukaona zithunzi mwachizimezime, laputopu ili moyo, kwafa ndi kuwala kwa sikirini kokha. Mutha kuilumikizanso ku TV ndi chingwe cha HDMI. Zithunzi zikaoneka kumeneko, mafayilo anu ali bwinobwino. Ngati palibe chooneka, yang'anani kanyali ka Caps Lock pa HP, kapena kanyali ka batire pa Dell. Kakamaphethira mobwerezabwereza, werengani kaphethira kangati kasanapume, mulembe, chifukwa chiwerengerocho chimanena chiwalo chimene chavuta. Wolakwa wamkulu pano amakhala RAM, kathabwa kamene makina amasungapo kwakanthawi zimene akugwirapo ntchito, makamaka miyezi ya fumbi kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, kapena laputopu ikagwedezeka pa kabaza. Zimitsani, chotsani moto wonse, tsegulani kunsi, kankhirani kunja tizitsulo tiwiri togwira RAM, ndipo idzadzuka yokha. Pukutani mano ake agolide ndi chofufutira pensulo choyera, ibwezereni mpaka imveke kuti yalowa. Ngati zilipo ziwiri, yesani imodziimodzi. Malaputopu ena opyapyala RAM yake ndi yowotcherera pabodi, ameneyo musalimbane naye.

Tsopano tifike pamene anthu ambiri amanamizidwa. Chizindikiro cha kampani chaoneka, kenaka pabwera mawu akuti "No bootable device", "Operating system not found", kapena pa HP "Boot Device Not Found" ndi nambala 3F0. Mawu amenewa sakutanthauza kuti mafayilo anu apita. Akungonena kuti makina sanapeze poyambira. Choyamba zulani fulashi iliyonse ndi memori khadi, chifukwa laputopu imatha kuyesa kuyambira pamenepo. Kenaka lowani mu BIOS, pulogalamu ya pabodi imene imadzutsa makina Windows isanayambe, podina batani mobwerezabwereza mukangoyatsa: F10 pa HP, F2 pa Dell, Acer ndi Asus, F1 pa Lenovo ThinkPad. Ma Lenovo IdeaPad ambiri ali ndi kabowo kakang'ono m'mbali kotchedwa Novo, kamene mumabaya ndi kawaya laputopu ili yozima.

Mu BIOS fufuzani zinthu ziwiri. Kodi dzina la disiki yosungira mafayilo, kaya ndi hard disk kapena SSD, likuoneka? Nanga deti ndi lolondola? Deti likabwerera zaka zambiri m'mbuyo, kabatire kakang'ono ka pabodi, kooneka ngati ndalama yachitsulo, kawirikawiri CR2032, katha mphamvu. Kakatha, BIOS imatha kuiwala zimene inasankhiridwa, n'kusintha pakati pa UEFI ndi Legacy (njira ziwiri zoyatsira makina), kapena pakati pa AHCI ndi RAID (njira zowerengera disiki). Windows imene inaikidwa pa njira imodzi siiyaka pa inzake. Kungobwezera chisankho chimenecho pamalo pake kumadzutsa makina onse, popanda fayilo ngakhale imodzi yotayika. Musanasinthe kalikonse mu BIOS, jambulani sikirini ndi foni kuti mudziwe pobwerera.

Disiki ikapanda kuoneka, mwina yangosuntha pamalo ake, ndiye izuleni n'kuibwezeramo. Kenaka iyezeni ndi choyezera chimene chili kale m'makinamo: pa HP dinani F2 poyatsa, pa Dell dinani F12 n'kusankha Diagnostics. Ikalephera mayesowo, kapena mukamva hard disk ikugogoda kuti tche, tche, tche, zimitsani nthawi yomweyo. Kuyatsa kulikonse kumawonjezera bala. Kuika Windows pa disiki yodwala ndi kutaya nthawi. Idzagwira masabata awiri, mudzabwereranso ndi vuto lomwelo mutalipira kale.

Ngati Windows ikuyamba koma timadontho tikungozungulira, kapena ikubweretsa sikirini ya buluu n'kuyambiranso, pamenepa ndiye nkhani ndi ya Windows. Komabe kufomata sikunafike. Izimitseni pogwira batani pamene chizindikiro cha Windows changooneka, bwerezani kawiri kapena katatu, ndipo idzalowa yokha mu Automatic Repair. Pitani pa Advanced options. Yesani Startup Repair. Ngati vuto linayamba itangomaliza kulandira ma update, kapena magetsi atathima ili pakati pa ntchitoyo, sankhani Uninstall Updates. System Restore imabwezera makina mmene analili masiku apitawo osakhudza zolemba zanu. Palinso Reset this PC, pamene mungasankhe Keep my files: mapulogalamu amachoka koma mafayilo amatsala.

Pena pamabwera sikirini yofuna BitLocker recovery key, nambala ya manambala 48. Disiki yoteroyo ndi yokhomedwa, ndipo palibe wokonza pamsika amene angaithyole, kaya alonjeze motani. Kiyiyo imasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene munalowera nayo pa laputopuyo, ndipo mutha kuipeza pa foni. Ngati laputopu ndi ya kuntchito, funsani a IT. Amene laputopu yanu ikugwira bwino lero, kaoneni kiyi imeneyi ndi kuilemba papepala, chifukwa kusintha kwina mu BIOS n'kokwanira kuti makina aifunse.

Zonsezi zikakanika, pulumutsani mafayilo musanachite china chilichonse. Pali njira ziwiri zimene ndimazikhulupirira. Yoyamba ndi kuika Ubuntu kapena Linux Mint, mapulogalamu oyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, pa fulashi, kuyatsira laputopu pa fulashiyo, n'kusankha kungoyesa osati kuika. Makina amayaka osakhudza disiki yanu, mumatsegula foda ya Users, n'kukopera Desktop, Documents, Pictures ndi Downloads ku hard disk ina. Yachiwiri ndi kuzula disikiyo, kuiika m'kabokosi kake ka USB, n'kuilumikiza pa kompyuta ya mnzanu. Mukakopera, tsegulani mafayilo angapo muone ngati akutsegukadi. Ngati mukupereka laputopu kwa wokonza, muuzeni momveka kuti asafomate musanaone ndi maso anu kuti mafayilo akopedwa. Wokonza wabwino sakwiya ndi mawu amenewa.

Tsopano mutha kuika Windows yatsopano. Mufunika fulashi ya 8GB kapena kuposa, yopanda kanthu chifukwa zonse za m'menemo zidzafufutika. Gulani yodalirika; mafulashi achinyengo amalembedwa kukula kumene alibe, ndipo amaimitsa ntchito pakatikati ndi uthenga woti mafayilo ena akusowa. Windows itengeni pa tsamba la Microsoft pogwiritsa ntchito Media Creation Tool, kapena tengani fayilo ya ISO, imene ili ndi Windows yonse yoikira, n'kuilemba pa fulashi ndi pulogalamu ya Rufus. Ndi yoposa 5GB, choncho konzekerani bandulo yokwanira kapena pitani pamene pali Wi-Fi yokhazikika. Kungokopera ISO pa fulashi ngati nyimbo sikugwira ntchito. Ndipo ndikuchenjezeni za Windows zosinthidwasinthidwa zimene zimayenda m'mafulashi a anthu, zobwera ndi mapulogalamu othyola layisensi: simudziwa chimene anabisamo, pamene inu mudzalowetsa mapasiwedi a kubanki pa makina omwewo.

Ganizirani bwino Windows yoti muike. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo), RAM yosachepera 4GB, malo osachepera 64GB, ndipo purosesa ikakhala ya Intel, nthawi zambiri iyenera kukhala ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. M'badwo umaoneka pa nambala: i5-8250U ndi wa 8, i5-6300U ndi wa 6. Malaputopu ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito amene adzaza m'mashopu, monga HP EliteBook 840 G3, Dell Latitude E7470 ndi ThinkPad T460, ndi a m'badwo wa 6. Rufus imatha kudumpha malamulowa, koma Microsoft siilonjeza ma update pa makina otero. Kwa amene ntchito yake ndi kulemba, intaneti ndi kuonera makanema, ine ndimalangiza Linux Mint, imene ndi yaulere ndipo imapepuka pa makina akale.

Lumikizani chaja, batire ikhale yodzaza, chifukwa moto ukatha pakati mudzayambiranso. Lowetsani fulashi, yatsani, dinani batani losankhira poyambira: F9 pa HP, F12 pa Dell, Lenovo ndi Acer, Esc pa Asus. Pa Acer, F12 imayamba yatsegulidwa kaye mu BIOS. Fulashi ikapanda kuoneka, yesani bowo lina la USB, ndipo onani ngati munailemba mogwirizana ndi makinawo: pa njira ziwiri zogawira disiki, GPT imayendera UEFI, MBR imayendera Legacy. Kusemphana kumeneku ndi kumenenso kumabweretsa uthenga woti "Windows cannot be installed to this disk". Chosavuta ndi kuyatsiranso fulashi mu njira yogwirizana ndi disikiyo. Ena amadina Shift ndi F10, n'kulemba diskpart, list disk, select disk ndi nambala yake, kenaka clean. Dziwani kuti clean imasesa disiki yonse, kuphatikizapo chigawo cha D: chimene anthu amaganiza kuti ndi chotetezeka, ndipo siifunsa kawiri. Mukalakwitsa nambala, musesa fulashi kapena hard disk imene mwasungiramo mafayilo aja. Izuleni imeneyo musanayambe.

Pa malaputopu atsopano, makamaka a Intel m'badwo wa 11 kupita m'tsogolo, mumatha kufika posankha disiki n'kupeza mndandanda uli mbee. SSD siinafe. Chikusowa ndi driver, kapulogalamu kothandiza Windows kuzindikira chiwalo cha makina, ya Intel Rapid Storage Technology. Itengeni pa tsamba la kampani ya laputopuyo, muiike pa fulashi yomweyo, n'kudina Load driver. Kapena zimitsani chisankho chotchedwa VMD mu BIOS ngati chisankhocho chilipo.

Windows ikafunsa product key, kiyi ya layisensi yake, dinani "I don't have a product key". Kuyambira nthawi ya Windows 8, malaputopu ogulitsidwa ndi Windows amasunga kiyi m'bodi momwemo, ndipo imadzitsimikiza yokha mukalumikiza intaneti, bola muike mtundu womwe unalipo, Home kapena Pro. Mukaika Windows pa chigawo chakale osachifomata, mafayilo akale amasamukira mu foda ya Windows.old, atengeni msanga, chifukwa foda imeneyi imatha kufufutika yokha pakapita masiku 10. Makina akazima n'kuyakanso koyamba, zulani fulashi ngati mukuona akubwerera poyambira paja.

Windows 11 imafuna intaneti kuti imalize, ndipo nthawi zina Wi-Fi imakhala isanayambe kugwira. Lumikizani foni ndi chingwe cha USB, yatsani USB tethering, makina apeza intaneti kudzera pamenepo. Mukalowa, siyani Windows Update igwire ntchito yake, kenaka tsegulani Device Manager. Paliponse pamene pali kachizindikiro kachikasu pakusowa driver, ndipo muipeze pa tsamba la kampaniyo polemba nambala ya makina anu yolembedwa kunsi. Ngati disiki yakale inali hard disk yozungulira imene inalephera mayeso aja, m'malo mwake muikemo SSD ya SATA ya mainchesi 2.5, imene imalowa pamalo omwewo popanda kusintha china.