Mmene Mungayezere Matimu Amphamvu a Kiriketi ya Test a Nyengo Zosiyanasiyana

Kuyambira mu 1877, pamene Australia ndi England adasewera gemu yoyamba ya Test ku Melbourne, okonda kiriketi akhala akutsutsana za timu imene idaposa onse. Nkhaniyi imavuta chifukwa matimu otchulidwa kawirikawiri sadakumanepo pabwalo limodzi. Don Bradman adasiya kusewera mu 1948 Viv Richards asadabadwe, ndipo Richards adapuma mu 1991 Shane Warne asadayambe. Komabe n'zotheka kuweruza mwachilungamo ngati mukudziwa zoyenera kufufuza komanso zoyenera kuyamba nazo.

Yambani ndi oponya mpira, osati omenya. Gemu ya Test imatha kutenga masiku 5, ndipo nthawi zambiri timu imapambana ikatulutsa adani ake onse kawiri, ndiye kuti mawiketi 20 (wiketi imodzi ndi kutulutsa womenya mpira mmodzi). Timu yokhala ndi omenya mpira aluso okhaokha ikhoza kupewa kugonja, koma siingapambane kawirikawiri. Choncho lembani mayina a oponya mpira anayi a timu iliyonse, kenako dzifunseni ngati wachitatu ndi wachinayi anali oopsa ngati woyamba. Apa ndi pamene West Indies, timu ya maiko a ku Caribbean, ya Clive Lloyd imaonekera bwino. Atagonja magemu 5 mwa 6 ku Australia mu 1975-76 chifukwa cha liwiro la Dennis Lillee ndi Jeff Thomson, Lloyd adaganiza zodalira oponya mpira mwaliwiro anayi nthawi imodzi. Andy Roberts, Michael Holding, Joel Garner ndi Colin Croft adatsatidwa ndi Malcolm Marshall, yemwe adatenga mawiketi 376, kenako Courtney Walsh ndi Curtly Ambrose, kotero kuti womenya mpira sankapeza mpata wopumira ngakhale mmodzi wa iwo atatopa. Australia ya Steve Waugh ndi Ricky Ponting idali ndi Glenn McGrath wa mawiketi 563 ndi Warne wa mawiketi 708, ndipo popeza Warne ankaponya mpira wozungulira, timuyo idali ndi chida chimene West Indies idalibe pamabwalo ouma.

Mukatero, siyanitsani zotsatira za pakhomo ndi za koyenda, chifukwa bwalo lililonse limakonzedwa mokomera eni ake. India idapambana ma series (mndandanda wa magemu pakati pa matimu awiri) 18 otsatizana pakhomo kuyambira mu 2013 mpaka New Zealand itaigonjetsa 3-0 mu 2024, zomwe n'zogometsa, koma chimene chimakweza kwambiri timu imeneyo ndi kupambana kwake ku Australia mu 2018-19 ndi mu 2020-21. South Africa ya Graeme Smith, Jacques Kallis ndi Dale Steyn satchulidwa mokwanira m'mikangano imeneyi, chonsecho dzikolo silidagonje series iliyonse koyenda kuchokera pamene lidaluza ku Sri Lanka mu 2006 mpaka ku India mu 2015, ndipo pakatipo lidapambana ku England ndi ku Australia kawiri konse, mu 2008 ndi mu 2012. Kwa ine muyezo wa koyenda ndi wolemera kuposa ina yonse.

Samalani ndi ziwerengero za kupambana motsatizana, pakuti zimanyenga mukapanda kuziyika pambali pa kutalika kwa ulamuliro wa timu. Australia idapambana magemu 16 otsatizana kuyambira ku Harare mu 1999, koma mzerewo udadukira ku Eden Gardens ku Kolkata mu 2001, pomwe VVS Laxman adamenya ma run (zigoli za mu kiriketi) 281 ndipo Rahul Dravid adamenya 180, India n'kupambana series imeneyo 2-1. Timu ya Ponting idagonja kwa England mu 2005, kenako n'kupambananso magemu 16 otsatizana mpaka mu 2008. West Indies idafika pa magemu 11 okha otsatizana mu 1984, chaka chimene idakwapula England 5-0 ku England komweko, koma sidagonje series ngakhale imodzi mwa 29 kuyambira mu 1980 mpaka mu 1995, pamene Australia ya Mark Taylor idaigonjetsa 2-1 ku Caribbean. Muyenera kusankha chimene mukuchiona chachikulu, kupambana magemu ambiri kapena kukhala zaka 15 osagonja, ndipo mukasankha mugwiritse ntchito muyezo womwewo pa matimu onse, osausintha pofuna kukomera timu imene mumaikonda.

Kenako ganizirani malamulo ndi mabwalo a nthawiyo. M'masiku a Bradman mabwalo a ku England sankafundidwa mvula ikagwa gemu ili mkati, ndipo zipewa zolimba zoteteza mutu zidayamba kuoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Lamulo loletsa kuponya mipira yambiri yodumpha molunjika kumutu lidabwera mu 1991, pamene West Indies idali italamulira kale zaka zoposa khumi pogwiritsa ntchito chida chimenecho. Kumbali ina, pafupifupi nthawi yonse ya ulamuliro wawo magemu ankayimbiridwa ndi anthu a dziko lolandira alendo, chifukwa woyimbira mmodzi wochokera dziko lina adakhazikitsidwa mu 1994 ndipo onse awiri mu 2002. Zimenezi zikutanthauza kuti kupambana koyenda kalelo kudali kovuta kuposa lero, pamene wosewera angathe kupempha kuti chigamulo chiwunikidwenso pa kanema.

Matimu ena musawaweruze mothamanga chifukwa umboni wawo ndi wochepa. Australia ya mu 1948, ya Bradman, Ray Lindwall ndi Keith Miller, idayenda England yonse osagonja m'magemu 34 ndipo idatenga series 4-0, koma idakumana ndi dziko limene lidali lisadachire ku nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndipo Bradman adapuma ulendowo utangotha. South Africa ya Ali Bacher idagonjetsa Australia 4-0 mu 1970, ili ndi Graeme Pollock, Mike Procter ndi Barry Richards, kenako idasalidwa mpaka mu 1992 chifukwa cha tsankho la apartheid. Barry Richards adasewera ma Test 4 okha. Kumbukiraninso kuti timuyo inkasankhidwa mwa azungu okha ndipo sidasewerepo ndi West Indies, India kapena Pakistan, choncho sitinganene kuti idayesedwa mokwanira.

Mukapyola m'masitepe amenewa mudzatsala ndi matimu awiri, West Indies ya 1980 mpaka 1995 ndi Australia ya 1999 mpaka 2007. Pofuna kuwasiyanitsa, onani zimene adachita ku Asia, kumene mpira sudumpha kwambiri ndipo matimu akuluakulu amakagwerako. Australia idagonja ku Sri Lanka mu 1999 ndi ku India mu 2001, isadapambane ku India mu 2004 motsogozedwa ndi Adam Gilchrist. West Indies idapambana ku Pakistan mu 1980-81 ndi ku India 3-0 mu 1983, ndipo maulendo otsatira a kumaikowa adathera pofanana mphamvu. Ine ndimaika West Indies patsogolo pang'ono, chifukwa idachita zimenezi ndi oponya mpira mwaliwiro pamabwalo osagwirizana ndi luso lawo, pamaso pa oyimbira omwe nthawi zambiri anali a eni bwalo.