Musamakumbe jinja wakutchire musanaone duwa lake

Kwa anzanga okonda zomera zakutchire: mitundu iwiri ya jinja wam'thengo, Siphonochilus aethiopicus ndi Siphonochilus kirkii, inandizunguza mutu zaka zingapo. Yonse imamera m'nkhalango za miombo, ndipo m'chilimwe masamba ake amauma n'kutheratu, kungotsala mizu pansi. Ukamangoyang'ana muzu, n'zosavuta kusokoneza.

Chimene chandithandiza ndi ichi. Pitani mvula yoyamba ikangogwa, cha mu Novembala kapena Disembala, ndipo mugwade pansi muone pamene duwa latulukira. La aethiopicus limatuluka pafupi kwenikweni ndi dothi, ngati lagona pansi, lofiirira mopita ku papo, nthawi zambiri masamba asanatambasuke n'komwe. La kirkii limakwera pa kamtengo kakekake, ndipo pa kamtengo kamodzi pamakhala maluwa angapo a pinki okhala ndi banga lachikasu pakati. Masamba akakula, a aethiopicus amakhala aatali ndi opyapyala, a kirkii otambalala.

Mukazindikira, zikani kamtengo pambali pake ndipo mujambule pa foni dzanja lanu lili pomwepo kuti kukula kwake kuoneke. Duwa limodzi silichedwa kufota, choncho chithunzicho ndi chimene chidzakukumbutseni.

Izi zimagwira ntchito chifukwa duwa silinama, pomwe masamba amasintha malingana ndi mthunzi ndi chinyezi. Komanso simuzula chomera pachabe. Ku South Africa aethiopicus watsala pang'ono kutheratu m'tchire chifukwa chokumbidwa mopitirira muyeso kukagulitsa ngati mankhwala, ndipo zimandiwawa kuganiza kuti zoterezi zingachitikenso kwathu kuno.