Mmene mungadziwire ngati zipangizo za njinga ya trials n'zolimba musanatulutse ndalama

Njinga ya trials ndi ija yopanda chishalo, kapena ya kachishalo kongonamizira, imene munthu amadumpha nayo pa miyala, pa zipupa ndi pa masitepe phazi osaponda pansi. Ambiri a ife kuno ku Lusaka inatilowa m'mutu titaonera katswiri wa njinga zotere, Danny MacAskill, pa YouTube, mu vidiyo ya 2009 ija akuyenda pamwamba pa mpanda wachitsulo ku Edinburgh. Koma njinga zimenezi sizigulidwa ngati Buffalo, yoti mwalowa m'sitolo, mwalipira, mwapalasa. Zimabwera zokwerakwera kale kudzera pa Facebook, kapena wachibale wanyamula felemu m'chikwama kuchokera ku Johannesburg, zotsalazo mukasake nokha ku Kamwala ndi ku Town Centre. Palibe wokutsimikizirani kanthu. Woyeza ndinu nomwe.

Popita kukaona njinga tengani tochi, kansanza, palafini wa m'kabotolo, choko, tepi yoyezera ndi makiyi a Allen a 4, 5 ndi 6. Pitani masana. Wogulitsa amene akufuna mukumane cha m'ma 18 awazi pa siteshoni ya mabasi ali ndi chimene sakufuna kuti dzuwa lione.

Yambani ndi felemu. Kaya ndi ya matayala a mainchesi 20, 24 kapena 26, kaya yalembedwa Monty, Echo, Onza kapena Inspired, zambiri ndi za aluminiyamu, ndipo aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira loti likuchenjezeni. Amangotopa mwakachetechete kenako n'kung'aluka. Itembenuzeni miyendo m'mwamba, mupukute malo onse owotcherera: pamene foloko imalowa, pansi pomwe pamazungulira mapedulo, ndi pamene buleki yakumbuyo imamangidwa. Mukaona kamzere ngati tsitsi ndipo simukudziwa ngati ndi penti chabe, pakani palafini, dikirani pang'ono, pukutani bwinobwino, ndiye mupakepo choko. Ngati ndi mng'alu, palafini amene analowa mkati amatuluka n'kujambula mzere wakuda pa chokocho. Mikwingwirima ndi timaenje tapansi musaziope, njinga ya trials yopanda zipsera ndiye kuti sinagwirepo ntchito. Mng'alu wokha ndiwo wothawa. Wina adzakuuzani kuti mupite nayo ku Kalingalinga akawotcherere. Anthu aja ndi akatswiri pa mageti ndi mafelemu a zitseko, koma chimenecho n'chitsulo. Aluminiyamu wa mafelemu, wa mtundu wa 6061, akawotchereredwa amafewa pambali pa chowotchereracho, ndipo amafunika kuphikidwanso mu uvuni wapadera kuti mphamvu ibwerere.

Tsopano filiwilo, giya ija imene imakola mukaponda pedulo n'kumasuka mukaibweza m'mbuyo. Apa ndikhalitsapo chifukwa chibwano changa chili ndi chipsera.

Pa njinga zambiri za trials filiwilo imakhala kutsogolo, yomangidwa pa mwendo wa pedulo yakumanja, ndipo nthawi zambiri ndi ya mano 18. Pa tayala lakumbuyo pamakhala kagiya ka mano 12 ngati njinga ndi ya 20, kapena 15 ngati ndi ya 26. Kudumpha konse kumachokera pa kuponda pedulo kamodzi mwamphamvu muli chiimire pa tayala lakumbuyo, ndiye thupi lanu lonse limatsamira pa tizitsulo ting'onoting'ono ta mkati mwa filiwilo, timene timakola m'mano. Tikaphonya, phazi limapita pansi lopanda choligwira ndipo nkhope imatsatira.

Njinga yanga yoyamba inabwera filiwilo itatha. M'malo modikira yoitanitsa kunja, ndinalowa m'kasitolo kena ka zipangizo za njinga ku Kamwala. Mnyamata wa pakauntala anatulutsa ina yonyezimira m'kabokosi kolembedwa dzina lodziwika, nati, "Bosi, iyi ni original, simuzabwelako." Mazinga ake anali ofanana ndi a yakale ija, mano 18, mtengo wake wosafika ngakhale pa theka la theka la yeniyeni. Ndinadziona wochenjera. Inagwira masabata awiri. Loweruka lina ndili ku Kabwata, ndikufuna kudumpha kangalande ka simenti kosafika ndi mita imodzi yomwe, ndinaponda pedulo n'kumva kuti phwa! Chimene ndikukumbukira pambuyo pake ndi amayi ena ogulitsa tomato akundithira madzi kumaso uku akufunsa kuti, "Atate, zaka zanu zonsezi mukuseweretsa njinga ya ana?" Anandisoka pa chibwano. Nditaitsegula filiwilo ija ndinapezamo tizitsulo tiwiri tokha, kamodzi katabenthuka kunsonga. Inali ya njinga wamba yopitira kumsika, ndipo pa ntchito imeneyo ikanatha zaka.

Ndikanangowerenga kulira kwake zonsezi sizikanachitika. Ikani kadontho ka choko pa dzino limodzi, gwirani pakati, muzungulize pang'onopang'ono chobwerera m'mbuyo mukuwerenga "tiki" aliyense mpaka kadonthoko kabwerere pamene kanayambira. Zotchipa zimalira cha m'ma 20. Za trials zimalira ka 60, ka 72, zina ka 108. Kusiyana kwake n'koti ya 20 imalola pedulo kuyenda madigiri 18 isanakole, pamene ya 108 imakola isanafike madigiri 4. Zambiri zolira kochuluka chonchi zimakhalanso ndi tizitsulo tambiri tokola nthawi imodzi, ndiye katundu amagawana. Mvetseraninso mtundu wa kulirako. Kukhale kwakuthwa, kofanana kuzungulira konse. Kukamamveka kofowoka mbali ina, kapena pali malo pamene pakudumphika, kasipuling'i katopa kapena dzino lamkati latha. Kenako igwedezeni cham'mbali. Kugwedera pang'ono kumakhalapo, koma ikamachita gwedegwede mpaka kuoneka ndi maso, isiyeni. Pomaliza imikani njinga, tayala lakutsogolo ligunde chipupa, muponde pedulo mwamphamvu kakhumi, nthawi iliyonse mutabweza pang'ono kuti ikole pena. Ikaphonya kamodzi kokha, yatha basi, ngakhale mwini wake alumbire.

Chinanso, musalole amakanika a pansi pa mtengo kuidzaza girisi. Amatero mwachifundo, kuti isamasokose, koma girisi wolimba akasakanikirana ndi fumbi la Okutobala amamata tizitsulo tija n'kulephera kudzuka msanga. Tsukani ndi palafini, dontheziranimo oyilo wopepuka, isiyeni izilira. Ndipo musanaimange pakani girisi pa mazinga okha, chifukwa kuponda kulikonse kumaimangitsa. Yanga ija kuti ichoke tinachita kuipana pa vaisi n'kuvala chipaipi chotalika pa mwendo wa pedulo, anthu awiri kukankha.

Tcheni chikaduka mumagwa mofanana ndendende, choncho musachione mopepuka. Chatsopano, mukayeza kuchokera pa pini imodzi n'kudutsa mapini 24, chimakwana mainchesi 12, omwe ndi pafupifupi masentimita 30.5. Chikapitirira ndi milimita imodzi ndi theka, chatambasuka. Yang'anani timbale tam'mbali ngati pali ming'alu pafupi ndi mapini. Kolumikizira kokhala ndi kakilipi kaja ine ndimachotsa, ndimalumikiza ndi pini. Kunena zoona, pa njinga yogula kwa munthu tcheni sindichiyeza n'komwe, ndimangoika china cha KMC, bola mutsimikize kuti dzinalo ladindidwa pa timbale tomwe, osati pa pepala lokha. Mapepala amasindikizidwa ndi aliyense.

Buleki yakumbuyo ntchito yake si kuchepetsa liwiro, ndi kugwira tayala kuti lisasunthe ngakhale pang'ono. Finyani, khalani pa njinga, igwedezeni kutsogolo ndi kumbuyo. Tayala likatsetsereka, onani mabuleki a labala aja. Akuda olimba a m'misika sagwira, pamafunika ofewa. Njinga zambiri zimabwera ndi Magura HS33, ya ku Germany, yoyendera mafuta koma yofinya limu. Yang'anani ngati pali chinyezi pa chogwirira ndi pa mapaipi. Mafuta ake ndi mineral oil okha. Munthu akathiramo buleki fuluwidi wa galimoto, timalabala tamkati timatupa ndipo buleki yonse yawonongeka, choncho funsani mwini wake kuti anathiramo chiyani. Kwa woyamba kumene, V-brake yabwino yokhala ndi waya watsopano ikukwanirani, ndipo zake zimapezeka paliponse m'tauni.

Limu yakumbuyo nthawi zambiri mudzaipeza yokalakala m'mbali. Si kuwonongeka, eni ake amaipala dala ndi grinder kuti buleki izigwira, makamaka nthawi ya mvula. Koma kupala kulikonse kumadya chitsulo, ndiye finyani m'mbalimo ndi zala. Ngati mwalowa ngati mbale, masiku ake atsala ochepa. Ena amapakamo phula. Limagwira ndithu, kungoti ndi fumbi lathuli mudzatopa nako kutsuka.

Zotsalazo n'zachangu. Masipoko akhudzeni awiriawiri, onse akhale olimba mofanana. Gwirani miyendo ya mapedulo yonse iwiri muigwedeze, pasakhale kugogoda. Ya ISIS, ya mano 10 mkati, imapirira kuposa ya bowo la ngodya zinayi. Handulo imasuleni muone pansi pa chomangira, ndipo ngati ili ndi mzere wakuya kapena yapindika, itayeni, musaiwongole. Foloko muione ngati mmene munaonera felemu. Mapedulo ndi matayala musataye nazo nthawi pokambirana mtengo, zimenezo mudzasintha ndithu mwezi usanathe. Ine ndalama imene ndimachotsetsa pa mtengo ndi ya tcheni ndi filiwilo yatsopano, ndipo yoitanitsayo isanafike njinga imakhala m'nyumba, kuseri kwa chitseko.