Mmene mungazamitsire mizu ya chikhulupiriro powerenga Baibulo

Amayi anzanga a Mvano, abambo ndi inu achinyamata, ine sindine m'busa. Ndine telala, ndipo Lamulungu ndimathandiza kuphunzitsa ana a kalasi kumpingo kwathu kuno ku Blantyre. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambirife mawu a Mulungu timawakonda, koma timangowamvera pakamwa pa ena: vesi ya pa WhatsApp m'mawa, ulaliki wa Lamulungu, nyimbo ya kwaya. Zonsezi n'zabwino. Koma tsiku limene mwana wagonekedwa m'chipatala, kapena bambo a kunyumba achotsedwa ntchito, m'pamene zimaoneka kuti mawuwo sanalowe pansi. Yesu ananena yekha pa Marko 4 kuti mbewu yogwera pathanthwe imamera msanga, koma dzuwa likakwera imafota poti ilibe mizu.

Amene munayendapo ku Salima mwezi wa Okutobala mukuudziwa msangu. Mitengo ina yayoyoka, nthaka yang'ambika, koma msangu uli biriwiri, ng'ombe zikuusa pamthunzi pake, chifukwa muzu wake unatsika kukafika kumene kuli madzi. Munthu wotere ndi amene Yeremiya 17:7-8 akumunena, wosada nkhawa chaka cha chilala. Muzuwo umakula pang'onopang'ono, kumene anthu sakuona, ndipo njira yake ndi imene ndikufuna ndikuuzeni.

Khalani ndi Baibulo lanulanu, lomwe mungalembemo ndi pensulo popanda wokufunsani. Ambiri tinakula ndi Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922 atalimasulira a William Murray ndi anzawo ku Mvera, ndipo mawu ake anatikhazikika m'makutu. Chichewa chake n'chakale, achinyamata ambiri amapunthwa nacho. Ngati nanu mukupunthwa, tengani Buku Loyera la 1998, musachite manyazi. Ine ndimasunga onse awiri, ndime ikandivuta m'limodzi ndimakaiona m'linzake. A Bible Society of Malawi amagulitsa onsewa, ndipo pafoni amapezeka pa pulogalamu ya Baibulo yotchedwa YouVersion. Foniyo ndimaiopa pang'ono, chifukwa uthenga umodzi wa pagulu la banki m'khonde ukangolowa, mtima wachoka pa mawu. Ngati foni ndi yokhayo muli nayo, tsitsani Baibulo lonse, ndipo powerenga muzithimitsa data.

Nthawi musachite kuisaka, imangirireni ku ntchito imene mumagwira kale tsiku ndi tsiku. Ine ndikasonkha moto pambaula n'kutereka madzi osamba a ana, ndimakhala pakhonde ndi Baibulo mpaka madziwo atenthe. Mnzanga wina wogulitsa tomato amawerenga masana makasitomala akachepa, ndipo Baibulo lake amalikulunga m'jumbo ya shuga kuti lisanyowe. Mphindi 15 zikwana. Nthawi yogona sindiilimbikitsa, tulo timakugonjetsani musanamalize ndime zitatu.

Nanga muyambire pati? Musayambire ku Genesis n'cholinga chokafika ku Chivumbulutso ulendo umodzi. Ndaona ambiri akuyamba mu Januwale ndi changu, pofika ku Levitiko malamulo a nsembe ndi a khate awafooketsa, Baibulo labwerera pashelefu. Yambani ndi Marko. Ali ndi mitu 16 yokha, nkhani yake imathamanga, ndipo mumamuona Yesu akugwira ntchito kuyambira mutu woyamba. Mukamaliza tengani Afilipi kapena Yakobo, kenaka Genesis, kenaka Luka ndi Machitidwe motsatizana poti anawalemba munthu mmodzi. Mabuku 66 aja ali ndi mitu 1,189, ndipo wowerenga mitu itatu kapena inayi patsiku amamaliza m'chaka chimodzi. Zimenezo mudzachita m'tsogolo. Pakali pano malizani buku limodzi kaye. Ndipo chonde, kutsegula Baibulo paliponse mutatsinzina n'kuloza chala kuti "apa ndiye Mulungu akundiyankhula lero", kumeneko n'kuombeza, si kuwerenga.

Tsopano ndifike pamene pali mtima wanga. Musamawerenge vesi yokhayokha. Paulo sanalembe mavesi, analemba makalata, ndipo pa Akolose 4:16 analamula kuti kalatayo iwerengedwe pamaso pa mpingo. Manambala a mitu anabwera m'zaka za m'ma 1200, a mavesi a Chipangano Chatsopano anaikidwa mu 1551 ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne. Amatithandiza kupeza malo, koma atizolowetsanso kubudula mawu pakati.

Taonani Afilipi 4:13, ija imalembedwa kumbuyo kwa maminibasi ndi pamakope a ana nthawi ya mayeso, yoti ndikhoza zonse mwa Iye wondipatsa mphamvu. Bwererani ndime ziwiri m'mbuyo. Paulo ali m'ndende, ndipo akunena kuti anaphunzira kukhala wokhuta ndi kukhala wanjala, kukhala nazo ndi kusowa. "Zonse" zimene akunenazo n'zimenezo. Munthu amene wagwira vesi 13 yokha, bizinesi ikagwa amati Mulungu wamunamiza. Amene wawerenga kuyambira vesi 11 amadziwa kuti lonjezolo likugwirabe ntchito ngakhale tsiku limene m'nyumba mulibe ufa.

Chimodzimodzi Yeremiya 29:11, yonena za malingaliro abwino amene Mulungu ali nawo pa ife. Mawuwo ali m'kalata yopita kwa anthu otengedwa ukapolo ku Babulo, ndipo vesi 10 ikuti adikira zaka 70. M'mutu 28 muli mneneri Hananiya amene anawalonjeza kuti zonse zitha m'zaka ziwiri, ndipo Mulungu anati munthuyo sanamutume. Kalata ya Yeremiya inawauza kuti amange nyumba, alime minda, akwatire, apempherere mzinda umene akukhalamo. Abale athu amene muli ku Johannesburg kapena ku London, mutu umenewo muuwerenge wonse, mudzaumva kuposa ife. Kumbukiraninso kuti pa Mateyu 4:6 Satana anatchula Salimo 91 pomuyesa Yesu. Vesi yobudula imatha kugwira ntchito m'manja mwa aliyense.

Ndiye chitani chonchi. Tengani nkhani imodzi yathunthu, kaya ndi ndime zisanu ndi ziwiri, kaya khumi ndi zisanu. Iwerengeni motulutsa mawu, ngakhale chapansipansi, chifukwa khutu limagwira zimene diso lalumpha. Ibwerezeni kachiwiri. Kenaka tsegulani kope wamba la pagolosale, mulembe tsiku, muyankhe mafunso awa: pakuchitika chiyani apa, nkhaniyi ikundionetsa chiyani za Mulungu, ndipo ine ndichite chiyani lero lomwe.

Tiyese ndi Marko 4:35-41, nkhani ya namondwe panyanja. Ulendo woyamba mudzaona zimene mukuzidziwa kale: mphepo, mafunde, Yesu akudzudzula nyanja. Ulendo wachiwiri mudzayamba kuona zina. Amene anati tiwolokere tsidya lija ndi Yesu mwini, kutanthauza kuti ophunzirawo anakumana ndi namondwe ali pa kumvera. Yesu ali mtulo kumbuyo kwa ngalawa, mutu pamtsamiro. Pomudzutsa sanamupemphe kuti awathandize, anamufunsa ngati sizikumukhudza kuti akufa, funso lomwe tonsefe tinalifunsapo mumtima. Ndipo nyanja itachita bata, m'pamene anachita mantha aakulu, n'kumafunsana kuti kodi ameneyu ndani. M'kope mungalembe mizere itatu yokha: vuto si umboni woti ndasochera, Iye ali m'ngalawamo ngakhale akuoneka ngati wagona, lero nkhani ya fizi ya mwana ndimuuza Iye ndisanayambe kudandaulira anthu. Basi. Mukamayankha funso lachitatu musamalembe za apongozi anu kapena za mayi woyandikana naye nyumba, lembani za inu.

Musanatseke Baibulo, pempherani mawu omwe mwawerengawo. Ambiri pemphero lathu ndi limodzimodzi chaka chonse, poti timangotchula zosowa. Nkhani ya tsikulo ikakhala poyambira, pemphero limasintha tsiku ndi tsiku. Masiku ovuta tsegulani Masalimo. Salimo 13 likufunsa Mulungu kanayi kuti mpaka liti. Salimo 88 limatha mlembi ali mumdima, osaona yankho. Ena amati Mkhristu sadandaula, koma Mulungu analola madandaulo amenewa kukhala m'buku lake kuti nafe tikhale ndi mawu pamene pakamwa pauma.

Lowezani pamtima. Vesi imodzi kapena ziwiri pasabata, zochokera m'nkhani imene mwaiwerenga yonse. Ine ndimalemba pakapepala n'kumata pamakina osokera, ndipo ndimabwereza uku ndikupalasa. Inu mungamate pagalasi, pachitseko, kapena kuseri kwa foni. Mukazolowera, lowezani salimo lathunthu, monga 23, 46 kapena 121.

Chifukwa chake ndinachiona ndi maso mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kugwera ku Chilobwe. Amayi a mpingo tinapita ndi ufa ndi zovala kusukulu ina kumene anthu anathawira. M'kalasi ina, pakona, panakhala agogo ena atafunda chitenje chopatsidwa, miyendo ili ndi mabala. Nyumba inapita, Baibulo lawo linapita nayo. Titawapempha kuti tipemphere nawo, anayamba okha Salimo 46, osaona paliponse: kuti Mulungu ndiye pothawirapo pathu ndi mphamvu yathu, kuti sitidzachita mantha angakhale mapiri asunthike. Ananena mpaka kumapeto, mawu akunjenjemera koma osaphonya. Ife amene tinanyamula Mabaibulo m'zikwama tinangokhala chete kumvetsera. Agogowo sanaloweze salimolo usiku umenewo, analiika mumtima zaka zambiri kumbuyoko, masiku amene kunja kunali bwinobwino.

Musawerenge nokhanokha nthawi zonse. Nduna ija ya ku Etiopiya pa Machitidwe 8 inali ndi buku la Yesaya m'manja, koma inavomera kuti singamvetse popanda woitsogolera. Pitani ku mlaga, ku mphakati, kapena kagulu kalikonse ka mpingo wanu, ndipo mupite ndi kope lanu lija. Kunyumba, ana akadya nsima yamadzulo, mwana mmodzi awerenge nkhani ya tsikulo, monga Deuteronomo 6:7 ikunenera zokamba mawuwa pokhala pansi m'nyumba. Ngati pali agogo amene maso anafooka kapena sanapite kusukulu, awerengereni, kapena muwaikire Baibulo lomvetsera pafoni. Mudzadabwa ndi zimene adzakuuzeni pa nkhani yomweyo.

Kuwerenga kotereku kumakutetezaninso. Masiku ano olalikira achuluka, pawailesi, pa Facebook, m'mabasi, ndipo ena amagulitsa madzi ndi mafuta ati n'zodalitsika. Anthu a ku Bereya pa Machitidwe 17:11 anayamikiridwa chifukwa ankafufuza m'malembo tsiku ndi tsiku ngati zimene Paulo ankanena zinali zoona. Ngati Paulo ankamufufuza, palibe mtumiki wa Mulungu amene ayenera kukwiya inu mukatsegula Baibulo kuti muone ndime zozungulira vesi imene watchula. Lembani mavesi a ulaliki, mukafika kunyumba muwerenge mutu wonse.

Kenaka chitani zimene mwawerenga, monga Yakobo 1:22 akunenera. Zikhale zazing'ono zooneka. Kwa ine telala, Luka 16:10 yonena za kukhulupirika m'chaching'ono imatanthauza kubweza kansalu kotsala kwa mwini wake, ndi kusalonjeza Lachisanu diresi limene ndikudziwa kuti litha Lolemba. Kwa wogulitsa chimanga, Miyambo 11:1 ikunena za ndowa yoponyedwa pansi kuti ichepe. Kwa wina ndi kuimbira foni mchemwali amene sayankhulana naye chichokereni kumaliro.

Adzabwera masiku amene mudzawerenga osamva kalikonse mumtima. Werenganibe. Adzabweranso masiku odumpha, mwina kwagwa maliro, mwina mwana wadwala. Musayese kubweza mitu yonse tsiku limodzi, ingopitirizani pamene munalekezera.

Ndime zovuta mudzakumana nazo ndithu. Petro yemwe, pa 2 Petro 3:16, anavomera kuti m'makalata a Paulo muli zina zovuta kuzimvetsa. Ikani chizindikiro cha funso m'mbali ndi pensulo, mulembe funsolo kumapeto kwa kope, mupitirire. Lina mukafunse abusa kapena akulu a mpingo, lina lidzayankhidwa Lachinayi ku Mvano, lina mudzalipezera yankho nokha m'buku lina patapita miyezi. Levitiko uja ndinati amafooketsa ambiri mudzamufike mukamawerenga Aheberi: m'mawa wina werengani Levitiko 16, za mkulu wa ansembe wolowa m'malo opatulikitsa kamodzi pachaka ndi magazi a nyama, m'mawa wotsatira muwerenge Aheberi 9.