Musachotse sitampa pa positikhadi yakale

Mukapeza mapositikhadi akale m'sutikesi ya agogo, chonde musawamate m'buku ndi guluu kapena selotepi. Ambiri amakopeka ndi chithunzi n'kumata kumbuyo kwake, osadziwa kuti akukwirira mawu amene munthu analemba ndi dzanja lake. Mwina ndi mizere itatu yokha, yonena kuti wafika bwino ku Joni, moni kwa amayi ndi ana. Kwa ine mizere imeneyo ndi yofunika kuposa chithunzicho.

Sitampa isiyeni pomwepo. Iyo pamodzi ndi chidindo cha positi ndi zimene zimakuuzani nthawi imene khadilo linatumizidwa. Ikalembedwa British Central Africa ndi yakalekale, chifukwa dzinali linasinthidwa kukhala Nyasaland mu 1907. Ya Rhodesia and Nyasaland ndi ya pakati pa 1954 ndi 1963. Onaninso kumbuyo: mzere wogawa malo a uthenga ndi a adiresi unayamba ku Britain mu 1902. Kale uthenga unkapanikizidwa kutsogolo, pambali pa chithunzi.

Musawapititse kokawamatira pulasitiki yotentha ija, chifukwa sichoka. Ikani khadi lililonse mu envelopu yake, pamalo pouma, kutali ndi khoma lachinyezi nthawi ya dzinja, poti nkhungu, chiswe ndi mphemvu sizichedwa. Jambulani mbali zonse ziwiri pa foni.

Kenako kawawerengereni akuluakulu akadali moyo, akuuzeni kuti wolembayo anali ndani. Mayinawo muwalembe pa pepala lina ndi pensulo, osati pa khadipo.