Momwe mungaonere m'kati mwa injini kapena paipi ndi kamera ya pa foni musanaphwasule kanthu

Mlamu wanga ali ndi Probox yomwe imanyamula mbatata ya kachewere kuchoka ku Bembeke kupita nayo ku Lilongwe. Itayamba kumaliza madzi a mu rediyeta ndi kumatsokomola m'mawa uliwonse, aliyense pa Dedza boma anasanduka sing'anga. Uyu akuti ndi mapulagi, uyo akuti injini yatha, itsitsidwe basi. Onsewo ankangomvera kulira kwake, m'katimo munalibe amene anasuzumiramo. Tinabwereka kakamera kooneka ngati waya wa tchaja, tinakalumikiza ku foni n'kukalowetsa pa bowo la pulagi. Mapisitoni atatu anali bii ndi mwaye, imodzi ili mbee ngati mbale yotsukidwa kumene. Mlamuyo anayang'ana kawiri. "Alamu, ndiye kuti madzi anga onse aja amathera apa?"

Ogulitsa amaitchula kamera imeneyi kuti endoscope kapena borescope. Ndi chingwe chomwe kunsonga kwake kuli diso ndi timagetsi ta LED, nthawi zambiri 6 kapena 8, ndipo chithunzi chimaonekera pa foni yanu. Zotchipazi zithunzi zake sizikoma kwenikweni, koma zimakupatsani mpata woona kaye musanamasule injini, musanagumule khoma kapena kulipira munthu.

1. Yambirani pa foni yanu

Zilipo za mitundu iwiri. Ina imalowa mwachindunji pomwe mumatchajira foni, ina imabwera ndi kabokosi ka WiFi kokhala ndi batire lakelake.

Ya waya ndiyo yotchipa, ndipo siivuta ndi zotchaja chifukwa imadya moto wa foni. Komatu foniyo iyenera kukhala ndi OTG, yomwe imalola foni kugwira ntchito ndi zipangizo zolumikizidwa pomwe mumatchajira, komanso izitha kulandira kamera ya pa USB. Si foni iliyonse ya Android yomwe imatha zonse ziwiri. Pa mafoni ena OTG mumachita kuiyatsa nokha mu Settings, ndipo ena amaizimitsa okha ikakhala mphindi zingapo osagwira ntchito. Onaninso khomo lotchajira ngati ndi Type-C kapena lakale lija la micro USB. Ambiri kuno tili ndi ma TECNO ndi ma itel, choncho ine ndimati pitani nayo foniyo kwa wogulitsa mukayesere pomwepo. Wokana kuti muyese, msiyeni ndi katundu wake.

Ya WiFi imagwirizana ndi mafoni ambiri, ngakhale iPhone. Anthu amaiopa poganiza kuti idya bandulo. Siidya. Kabokosiko kamapanga netiweki yakeyake ya pakati pa iko ndi foni basi. Pasiwedi imakhala pa kapepala ka m'bokosi, kawirikawiri ndi 12345678. Chithunzi chikamadukaduka zimitsani data, chifukwa mafoni ena amathawa WiFi yopanda intaneti.

2. Sankhani kukula kwa mutu ndi mtundu wa chingwe

Mutu ndi nsonga ija yokhala ndi diso, ndipo mitu yofala ndi ya mamilimita 5.5, 7 ndi 8. Mabowo a mapulagi amakhala a mamilimita 14, 12 kapena 10, ndipo njinga zamoto zambiri zili ndi ang'onoang'onowo. Mutu wa 8 umalowa bwino pa bowo la 14, koma pa la 10 umachita kukhuta, ndipo mukaikapo kagalasi koonera m'mbali sulowa n'komwe. A kabaza ndi amakaniko a njinga, tengani ya 5.5.

Chingwe chofewa chimangogwa ngati nsalu, simungachiwongolere. Funani cholimbako, chomwe mukachipinda chimakhala momwe mwachipindira. Pa injini mita imodzi kapena awiri akwana. Pa mapaipi a m'nyumba mamita 5 ndi abwino. Za mamita 10 zimakopa maso, koma chikatalika chonchi nsonga yake siimveranso dzanja.

Zolemba za "HD" ndi manambala akuluakulu a pa bokosi musazitengere kumtima. Zambiri zotchipa chithunzi chake chenicheni ndi 640 x 480. Ngakhale zili choncho, dzimbiri ndi madzi zimaoneka.

3. Ikani app, kenako phunzirani pa zinthu zosaopsa

Dzina la app limalembedwa pa kapepala kaja. Itengeni pa Play Store kapena App Store, ipatseni chilolezo cha kamera ndi chosungira zithunzi. Ikayamba kupempha manambala a anzanu kapena ma SMS, kanani, izo n'zosakhudzana ndi ntchito yake.

Musathamangire ku galimoto. Lowetsani kamera mu ketulo, mu nsapato, mu botolo lakuda. Mupeza zinthu zitatu. Diso lake limaona bwino chinthu chomwe chili pa mtunda wa masentimita pafupifupi 3 mpaka 10; mukayandikitsa kwambiri zonse zimasanduka nkhungu ya pa phiri la Dedza. Chachiwiri, magetsi akawala mopyola, chitsulo chimathobwa diso, choncho achepetseni ndi kagudumu ka pa chingwe. Chachitatu ndicho chimazunguza aliyense: simudziwa kumwamba ndi kuti. Matani kachidutswa ka tepi pa chingwe mbali yomwe ili kumwamba kwa chithunzi, ndipo muziyendera chizindikiro chimenecho.

4. Kusuzumira mu injini ya petulo

Injini ikhale yozizira kotheratu. Kamera ndi ya pulasitiki ndi guluu, kutentha kumaipha. Kuno nyengo imatithandiza: galimoto yomwe yagona panja usiku wa mu June imakhala yokonzeka kale m'mawa.

Kokani handibuleki, giya ikhale pa neutral kapena pa P, kiyi achoke ndipo akhale m'thumba mwanu. Munthu wina akangoliza injini kamera ili m'kati, pisitoni iiphwanya ndipo zidutswa zitsalira momwemo. Pukutani kapena kupemerera fumbi lozungulira mapulagi musanawamasule kuti mchenga usagwere mu silinda. Chotsani mapulagi onse, muwayale pansi motsatana ndi momwe anakhalira.

Tsopano tsitsani pisitoni. Kamera ili kunja, zunguzani injini ndi sipanala pa bawuti ya pule ya pansi, mbali yomwe injini imazungulira ikamalira. Pa injini ya masilinda 4, pisitoni yoyamba ndi yachinayi zimayendera limodzi, yachiwiri ndi yachitatu nazonso limodzi, ndiye mungozunguza kawiri basi. Pa njinga yamoto kankhani kikisitata pang'onopang'ono ndi dzanja. Pisitoni ikakhala pansi mpamene khoma lonse la silinda limaonekera.

Lowetsani kamera modekha, jambulani pamwamba pa pisitoni, kenako pindani nsonga pang'ono muzungulire khoma. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukagwedeza dzanja umangoona mdima ndi kuwala zikuthamangitsana. Silinda iliyonse ijambulidwe payokha, ndipo musanalowe jambulani chala chimodzi, ziwiri, zitatu, kuti mawa mudzadziwe chithunzi ichi n'cha silinda iti.

Mukafuna kuona mavalavu, amene ali kumwamba, pamafunika kagalasi kaja kapena kamera ya maso awiri. Kagalasi ka zotchipazi kamangogwira mwa apo ndi apo. Kamangeni ndi tepi zolimba, mukakokere kuti mutsimikize. Kakagwera mu silinda, ntchito ya mphindi khumi isanduka ya tsiku lonse.

5. Kuwerenga zomwe mwaona

Apa mpamene pagona nkhani, chifukwa kamera imangoonetsa, siilankhula.

Mwaye wouma, wakuda, wopyapyala pamwamba pa pisitoni si matenda. Injini iliyonse yomwe yayenda ili nawo. Chofunika n'kufananiza masilinda onse. Amene wasiyana ndi anzake ndiye wokayikitsa.

Pisitoni yoyera modabwitsa pakati pa zinzake zakuda, ngati ya mlamu wanga ija, imasonyeza kuti madzi akulowa ndipo nthunzi yake ikutsuka mwaye. Nthawi zina mumaona ngakhale timadontho pa khoma galimoto ikagona. Gwero limakhala gasiketi ya mutu wa injini yomwe yapsa, kapena mutu womwewo utang'aluka. Ziwirizi kamera siingazisiyanitse. Mutu ukamasulidwa uyenera kukayezedwa.

Pisitoni yonyowa, yonyezimira ndi oyilo, pamodzi ndi utsi wa buluu kumbuyo, ikuloza ku maringi otha kapena timasiilo ta mavalavu.

Pa khoma la silinda yabwino mumaona timizere topingasana ngati ukonde. Timeneto n'ta ku fakitale, timagwira oyilo, ndipo kupezeka kwake n'chizindikiro chabwino. Khoma losalala ngati galasi latha. Mizere yotsika kuchoka kumwamba kupita pansi ndi mabala: fumbi lalowa, ringi yathyoka kapena injini inawirapo. Amene mumayenda misewu yafumbi ya kumidzi m'chilimwe ndi fyuluta ya mpweya yong'ambika, mizere imeneyi ndi yanu. Zipsera zooneka ngati mwezi wongokhala kumene pamwamba pa pisitoni zimatanthauza kuti inagundana ndi valavu, kawirikawiri lamba kapena tcheni cha taimingi chikadumpha.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi: kamera imakuza. Kamzere komwe chala sichingakamve kamaoneka ngati chigwembe pa foni. Musathamangire kugula injini ina chifukwa cha chithunzi chokha. Pitani nacho kwa makaniko wanu, ayezenso kompulesheni (mphamvu yomwe pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda), ziwirizi zigwirizane.

Injini za dizilo zilibe mapulagi amoto. Polowera ndi pa injekita kapena pa mapulagi otenthetsera, ndipo zimenezi zimathyokera m'kati zikagwidwa ndi dzanja losazolowera. Asiyireni amakaniko.

Mukamagula galimoto kapena njinga yomwe wina wayendapo kale, pemphani mwini wake kuti musuzumire. Ngakhale atakana za mapulagi, lowetsani kamera m'mabowo a tchesisi muone dzimbiri, muwerengenso nambala ya injini yomwe imabisala kuseri, muifananize ndi ya pa buku la galimoto.

6. M'nyumba

Sinki ikatseka, masulani kaye kapaipi kokhota ka pansi pake, chifukwa zinyalala zambiri zimakodwa pamenepo. Vuto likakhala kutsogolo, tsanulani madzi otsala, mangirirani kamera ku waya wolimba ndi tepi, muzikankha pang'ono n'kumazunguza. M'madzi akuda simuona kanthu, ndipo mafuta a ndiwo akamata pa diso muyenera kutulutsa n'kupukuta. Mukapeza pomwe patseka, gwirani chingwe pakhomo pa paipi, tulutsani muyeze. Mukumba malo amodzi m'malo mofukula khonde lonse.

Mu siling'i, kabowo kakang'ono pakona kakwana kuti muone ngati chiswe chayamba kudya mitengo ya denga, kapena ngati phokoso la usiku lija ndi makoswe kapena mileme. Timagetsi take sitifika patali, ndiye wina awunikire ndi tochi pa khomo lokwerera. Mvula zikayamba mu November ndi December, njira yomweyi imaonetsa pomwe lata likudontha. Kulikonse komwe kwadutsa mawaya a magetsi, zimitsani kaye swichi yaikulu.

Kamaginito ndi kambedza timene timabwera ndi kamera m'bokosi timatola kiyi wogwera mu ngalande kapena nati yothawira pansi pa injini. Maginito sagwira mphete ya golide, pamenepo ndi ntchito ya mbedza.

Komwe siyenera kulowa

Mu thanki ya petulo, ayi. Kamerayi ili ndi magetsi, ndipo mpweya wa petulo sufuna moto wambiri kuti uphulike, ngakhale thanki itaoneka youma. M'khutu, m'mphuno kapena kukhosi kwa munthu, ayinso. Dzina loti endoscope lisakupusitseni, za kuchipatala ndi zina. Chizindikiro cha IP67 chimatanthauza kuti imapirira madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30, ndipo ndi mutu ndi chingwe chokha, osati kabokosi ka WiFi kapena polumikizira foni. Choncho za kuitsitsira pansi pa madzi a mu mjigo kapena m'chitsime chakuya iwalani.

Mukamaliza pukutani diso ndi kansalu kofewa konyowa pang'ono, osati ndi petulo kapena thina, chifukwa zimachititsa khungu pulasitiki. Kulungani chingwe mozungulira motakasuka, osachipinda pafupi ndi mutu pomwe timawaya take timaduka msanga. Ngati inalowa mu paipi ya zonyansa, itsukeni ndi sopo isanabwerere m'bokosi.