Momwe mungasankhire pulesi ya haidiroliki yosaboola m'thumba

Amene anayesapo kulowetsa bearing (mphete zachitsulo zokhala ndi timipira pakati, zothandiza tayala kuzungulira) ndi hamala amadziwa mathero ake. Imalowa mopendekeka, ndipo pakangotha milungu ingapo mwini njinga wabweranso akudandaula kuti tayala likulira. Kuno ku Salima, kuchokera pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay, ntchito zotere sizitha: njinga zamoto za kabaza, ngolo, zigayo, mainjini a maboti. Pa ntchito zotere m'pamene pamafunika pulesi, makina amene amakankha chitsulo pang'onopang'ono ndi mowongoka, komanso siidalira magetsi chifukwa mphamvu yake imachokera pa jeke yopopa ndi dzanja.

Yambani ndi kuwerengera ntchito zimene zimabwera pakhomo panu. Mphamvu ya pulesi imalembedwa m'matani, ndipo zofala ndi za matani 6, 12 ndi 20. Ya matani 6 imakhala patebulo, imakwanira ma bearing a njinga zamoto, koma mpata wake ndi wochepa moti shafiti yaitali silowa. Ya matani 12 imaima pansi ndipo ndiyo ndingalangize ambiri. Ngati mumalandira magalimoto kapena mashafiti a chigayo amene agwirana ndi dzimbiri, pirirani kaye mpaka ndalama zikwane ya matani 20.

Kenako yang'anani felemu, zitsulo zimene zimapanga thupi la pulesi, ndipo apa musafulumire. Wogulitsa adzakuonetsani nambala yolembedwa pa jeke, koma jeke ikafa mumangomasula n'kuikapo ina. Felemu ikapindika ndiye kuti pulesi yonse yatha. Gwirani zitsulo ziwiri zoimirira, muone kuchindikala kwake. Igwedezeni pulesiyo: ngati ikutekeseka ilibe katundu, nanga ikadzasenza matani 12? Onani mowotcherera ngati muli timabowo kapena ming'alu yobisidwa ndi penti. Mpando umene mumaikapo chitsulo uzitha kukwera ndi kutsika, ndipo mapini ougwira akhale onenepa, olowa bwino m'mabowo ake. Mukapeza kuti wina anaikapo bawuti wamba m'malo mwa pini, isiyeni kapena muwerengeretu ndalama ya mapini enieni. Funsaninso za mbale, zitsulo ziwiri zafulati zoyala pampandopo. Zina zotchipa zimapangidwa ndi chitsulo chosungunula chonga cha mbaula yakale yositira, chimene sichipindika koma chimangosweka mwadzidzidzi. Mbale zodulidwa pa chitsulo chochindikala ndizo zodalirika.

Jeke muiyese musanapereke ndalama. Ikani chidutswa cha chitsulo pampando, popani mpaka ilimbe, ndipo muisiye choncho mphindi zingapo. Ikafooka yokha kapena mafuta akayamba kuchucha, ndiye kuti masilo ake, timphira totsekera mafuta m'kati, atha. Mukamasula valavu, masipuling'i azibweza jekeyo m'mwamba popanda kuikoka. Sankhani pulesi yogwiritsa ntchito jeke wamba ya botolo, yonga ya m'malole, chifukwa imapezeka mosavuta m'masitolo a masipeya.

Zatsopano zambiri muzipeza ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14. Powerengera mtengo muphatikizepo thiransipoti, ndipo funsani ngati felemuyo ndi yomasula mabawuti, kuti isavute kunyamula. Yogwirapo kale ntchito si yoipa ngati felemu ili yowongoka. Njira ina ndi yogula jeke yokha n'kupita kwa wowotcherera kuti akupangireni felemu. Zimatheka ndithu, ndipo zimapulumutsa ndalama, koma pitani kwa mmisiri amene anapangapo ina n'kukaiona ikugwira ntchito. Musalole kuti agwiritse ntchito mapaipi opyapyala opangira mageti. Ine ndimakonda jeke yaing'ono pa felemu yolimba kusiyana ndi jeke ya matani 20 pa felemu yofooka, chifukwa chitsulo chikathyoka chili pa mphamvu yotere chimauluka ngati chipolopolo.

Ikafika pakhomo, iikeni pasimenti yosalala n'kuimanga pansi ndi mabawuti. Valani magalasi oteteza maso nthawi zonse, ndipo ana asamaime pafupi. Polowetsa bearing m'bowo lomwe imakhala kankhani mphete yakunja, koma poiveka pa shafiti kankhani mphete yam'kati. Mukasemphanitsa, mphamvu imadutsa m'timipira tam'kati ndipo bearing imawonongeka isanayende n'komwe. Musawonjezere paipi yaitali pa chogwirira chopopera pofuna mphamvu zambiri.

Kuno kufupi ndi nyanja chinyontho ndi mchenga zimadya zitsulo msanga. Mukaweruka, bwezani jeke ilowe yonse, pukutani mapini ndi kansalu ka oyilo, ndipo muifunditse. Mafuta akachepa thirani a jeke kapena a haidiroliki basi. A mabuleki ayi, amatupitsa masilo n'kuwawononga.